Mpondagiya Wobwereka

Ndiyambe ndi choko, poti tsoka langa linayambira pamenepo. Lolemba lina ndikuchokera ku Uliwa, kumene ndimakonza njinga pansi pa mtengo wa mango m'mbali mwa msewu wa tala, ndinapeza chitseko changa chitalembedwa manambala. Sindinafunse munthu. Ndinatunga madzi, n'kutenga kansanza, n'kupukuta mpaka thabwa linawala. Kenako ndinaima pakhonde n'kukalipira ana onse a m'mudzi, amene analipo ndi amene kunalibe, kuti choko n'cholembera pabolodi, osati pa nyumba za anthu aulemu wawo. Nditamaliza ulaliki wanga ndi pamene mayi a kunyumba, amene nthawi yonseyi anali pomwepo akusenda chinangwa, anandiuza kuti ndiyang'aneko zitseko za anzanga. Zonse zinali ndi manambala. Analemba ndi mlangizi wa zaumoyo. (Sabata imeneyo, chinthu chimene ndinatsuka ndi mtima wonse ndi chitseko chokhacho.)

Mlangiziyo anabweranso mawa lake kudzalemba kachiwiri, akuseka chamumtima. Anandifotokozera kuti kukubwera anthu a kafukufuku, ofuna kudziwa zimene ife a m'midzi timadziwa pa nkhani za matenda ndi ukhondo, komanso zimene timachita. Nyumba zonse zapatsidwa manambala, kwachitika maere, ndipo yanga yagwera. Lachinayi m'mawa ndikhale pakhomo. Anabwereza kawiri konse kuti si mayeso, palibe mphoto, palibe chindapusa, ndingokhala mmene ndimakhalira masiku onse. Pa zonsezo khutu langa linatola liwu limodzi: mafunso.

Muyenera kundidziwa pang'ono kuti mumvetse. Sukulu ndinalekera Sitandade 7, koma kuwerenga sindinaleke. Ndimawerenga chilichonse chimene chili ndi zilembo: nyuzipepala zokulungira mandasi, timapepala ta m'mabokosi a mankhwala, zikwangwani za kuchipatala. (Ndinaphonyapo dzina langa likuitanidwa kwa dokotala chifukwa ndinali pakati pa chikwangwani cha likodzo.) Ndilinso ndi buku la zaumoyo lopanda chikuto, limene limayambira pakati pa nkhani ya njoka za m'mimba n'kuthera pakati pa nkhani ya mano. Anyamata a kabaza amene amabweretsa njinga zawo kwa ine amanditcha Pulofesa. Iwo anayamba monyoza, ine ndinalandira ngati digiri. Ndiye nditamva kuti pomaliza kukubwera anthu ophunzira kudzandifunsa ine, pakhomo panga, zinthu zimene ndakhala ndikuuza anthu osandifunsa, ndinakasita malaya a kutchalitchi.

Lachitatu masana ndi pamene chimwemwe chinatha. Kunabwera bambo wina wa ku Uraha ndi njinga yophwa, ndipo ndikumata chubu anandiuza kuti kwawo anthuwo adutsako kale. Mafunso ndiye osavuta, anatero, koma akamaliza amaimirira n'kunena kuti tiyeni tikaone. Amasuzumira m'chimbudzi, amafuna posambira m'manja, amavundukula ndowa ya madzi akumwa, mpaka kuchipinda amalowa kukaona ngati neti ya udzudzu ili pamwamba pa bedi. Chigamba chija ndinamata pambali pa bowo.

Ndinatseka msanga n'kupita kukayendera nyumba yanga ndi maso a mlendo. Abale, nyumba yako ukaiyang'ana ndi maso a mlendo imakukana. Chimbudzi chinalipo, koma chivindikiro chake tinasonkhezera moto nthawi ya mvula nkhuni zitanyowa. Mpondagiya, kaja ka chigubu cholendewera pa mitengo iwiri kamene umaponda kamtengo pansi kuti madzi atsike osagwira ndi manja, ndinamangapo chaka chinachake mlangizi atatikakamiza. Mbuzi zinagwetsa, ndipo chigubu chake tsopano chimasunga oilo wa matcheni. Madzi akumwa anali m'ndowa yosavindikira, kapu imodzi ikuyandama momwemo. Neti inali kudimba, ikuteteza mbande za tomato ku nkhuku. Zonsezi ndimadziwa kuipa kwake, tsamba ndi tsamba. Ndikanatha kukuuzani dzina la kachilombo kalikonse kamene kanali m'ndowa ija.

Mitengo ya mpondagiya watsopano ndikanadula, koma nthawi inali itatha, komanso chinthu chatsopano chimadziulula chokha. Ndinkafuna zinthu zooneka kuti zakhala zikugwira ntchito. Ndipo zinthu zotere zinali pafupi, kuseri kwa mpanda wanga wa udzu, kwa aNyaKayira.

ANyaKayira ndi mayi wamasiye wachikulire, mnansi wanga kwa zaka makumi awiri. Kulemba dzina lawo sadziwa. Koma m'mudzi muno mukafunsa khomo laukhondo, ngakhale amene amadana nawo amaloza kwawo. Chaka china cha kolera anataya mwana wawo wamkazi, Lusungu, mtsikana amene anali atangotha msinkhu. Anayamba kutsegula m'mimba m'mawa, ndipo dzuwa la tsiku lotsatira sanalione. Ine ndinali m'gulu lokumba manda. Chichokereni nthawi imeneyo, pakhomo pawo munthu sagwira mbale asanasambe m'manja, kaya ndi mdzukulu, kaya ndi mkulu wa mpingo. Sopo akasowa amaika phulusa. Sanalalikirepo munthu za ukhondo. Amangoloza mpondagiya ndi chibwano, iwe n'kupita.

Tsono kwathu kuno kubwereka si chamanyazi. Kukabwera apongozi timabwereka mipando. Kukabwera abusa timabwereka makapu ofanana ndi nsalu ya patebulo. Aliyense amadziwa, ngakhale mlendoyo amadziwa, ndipo palibe amene amatembenuza kapu kuti aone dzina pansi. Ine ndinadziuza kuti awanso ndi alendo. Lachinayi kutangocha ndinakaodira kwa aNyaKayira, tinapatsana moni wa Chitumbuka mwautali wake, kenako ndinatchula chimene ndinabwerera.

Anafunsa kuti iwowo asamba kuti lero. Ndinati pofika masana zonse zikhala zitabwerera. Anafunsa ngati anthuwo safika kwawo, ndipo ndinawatsimikizira kuti nambala yawo sinagwere, mlangizi anandionetsa ndi maso anga. Ndinawafotokozeranso tanthauzo la maere, ngati kuti sanaonepo. Pomaliza anati, "Tengani, awiske Tiwonge. Koma sopoyo musasiye padzuwa." (Kutanthauza bambo a Tiwonge. Tiwonge ndi mwana wanga woyamba, ndipo kuno munthu wamkulu samuitana dzina.)

Ndinazula mitengo iwiri ija, n'kunyamula chigubu, chingwe, kamtengo koponda ndi sopo. Ndinabwereranso kukatenga ndowa yawo yokhala ndi chivindikiro ndi kampopi. Ulendo wachitatu, ndinene ndisanene? Ulendo wachitatu ndinakatenga chivindikiro cha chimbudzi. Mayi a kunyumba atandiona ndikulowa nacho pampanda, nditachigwira kutali ndi malaya, anaika mpeni pansi.

"Tabwerekapo mipando," anatero. "Tabwerekapo makapu. Koma ichi, bambo, mtundu wanu wonse ndinu oyamba."

Ndinawauza kuti sakumvetsa za sayansi. Iwo anati sadzanama, komanso sadzalankhula. Ndisankhe ndekha chimene ndikuopa kwambiri. Neti ndinakaichotsa kudimba, ndinaichapa mothamanga, n'kuikoloweka pamwamba pa bedi ikadali yachinyezi.

Mlendo anafika dzuwa litakwera pang'ono. Ndinkayembekezera gulu la madokotala, koma anali mayi mmodzi wachitsikana, chipewa kumutu, chikwama kumsana, m'manja foni yaikulu ija yolembapo ndi chala. Anati ndi a Nabanda, kwawo ndi ku Dedza. Anzawo odziwa Chitumbuka anali tsidya lina la msewu ndi mlangizi, ndipo iwo anapatsidwa nyumba za anthu omasuka m'Chichewa. Anandiwerengera pepala lopempha chilolezo, lonena kuti ndili ndi ufulu wokana komanso kuti dzina langa silidzaoneka paliponse. Mfundo yachiwiriyi inandikhumudwitsa. Ndinasaina siginecha yanga yaitali, ya mchira.

Mafunso aja, ndisadzitame, ndinawadya. Atafunsa chimene chimayambitsa malungo, sindinangoti udzudzu ayi. Ndinatchula mtundu wake, ndinati ndi waukazi, ndinafotokoza mmene kachilombo kamakagonera m'chiwindi. Atafunsa nthawi zofunika kusamba m'manja ndinatchula zisanu, n'kuwonjezera yachisanu ndi chimodzi yangayanga. Atafunsa ngati kolera imachizika ndinayamba mbiri yake kuchokera kumayiko akutali.

"Bambo," anatero mwaulemu, "apa pali malo a inde kapena ayi basi."

Ndinati alembe inde, koma adziwe kuti inde wake ndi wautali.

Kenako anaimirira n'kunena mawu aja: tiyeni tikaone. Ndinatsogola ngati mwini hotela. M'chimbudzi chivindikiro chinali pamalo pake (chinali chaching'ono pang'ono kuposa bowo langa, koma ndinachikhazika mopingasa). Ndowa anaiyamikira. Neti anaigwira ndi zala ziwiri, n'kuyang'ana zalazo. Pa mpondagiya anandipempha kuti ndiwaonetse mmene ndimasambira. Ndinaponda ngati ndikuliza njinga yamoto. Chigubu chinagwedezeka, madzi onse n'kukhuthukira pa thalauzi, pamalo pamene mwamuna wamkulu safuna kuti panyowe. Ndinati lero giya yakhwima. A Nabanda anayang'ana pansi, pa dothi lofukulidwa kumene, n'kulemba. Mayi a kunyumba anali pakhonde akupeta mpunga, ndipo lichero linkanjenjemera mosayenera.

Ndinaganiza kuti ndaoloka. Ndinawaperekeza mpaka panjira, ndikuwalangiza mmene angakonzere mafunso awo chaka chamawa. Nambala yotsatira pa mndandanda wawo inali ya kwa a Msiska, nyumba yachiwiri kuchokera kwanga. Tinapeza loko pachitseko. Banja lonse linali litapita kumaliro ku Chilumba. Ine ndinati pepani, mwayenda pachabe. Iwo anati ayi, lamulo la ntchito yawo ndi lakuti akapeza nyumba yopanda anthu, amalowa yoyandikana nayo. Anatembenuka n'kuloza denga la aNyaKayira.

Thalauzi linali lisanaume n'komwe.

Pamenepo munthu wanzeru akanaulula. Mawu ake ndi ochepa, ndipo bwenzi titaseka tonse. Ine m'malo mwake ndinati mayi a pakhomo apo Chichewa amangodziwa moni, ndiye ndingathe kuthandiza kumasulira. Sindinkanama mwadala pa mfundo imeneyi. Zaka makumi awiri ndinali ndisanawamvepo akulankhula Chichewa, popeza tokhatokha timalankhula chathu, ndipo m'mutu mwanga munthu wosawerenga ndinkamuika m'gulu la osamva zambiri. Koma cholinga changa chenicheni mukuchiona nokha: ndinkafuna mawu onse adutse pakamwa panga, ngati katundu pa chipata cha msonkho. A Nabanda anazengereza, anati kwenikweni mnansi sayenera kumva mayankho a mnzake, pokhapokha mwini wake atalola.

ANyaKayira anali pamkeka akusankha nyemba. Atationa anayang'ana mlendo, anayang'ana ine, kenako anayang'ana malo aja pafupi ndi chimbudzi pamene panatsala maenje awiri. Nditawafotokozera, n'kufunsa ngati akulola kuti ndimasulire, anangoti, "Yewo," kuvomera kwake, n'kuyala mkeka wina. Pa pepala anadinda chala.

Mayankho awo anali aafupi. Kolera imabwera ndi uve wolowa m'kamwa, kudzera m'manja ndi m'madzi. Munthu akayamba kutsegula, um'mwetse madzi a mchere ndi shuga uku mukuthamangira kuchipatala, osadikira kuti kuche. Dzina la kachilombo sankalidziwa, ndipo ine pomasulira ndinkawonjezera timawu tanga kuti mayankhowo avale nsapato. Mpaka apa zinkayenda.

Tiyeni tikaone.

Madzi akumwa anali m'beseni lochapira mbale, atavindikira ndi lichero. Chimbudzi chinali chosesedwa bwino, koma bowo lili yasa, ntchentche ziwiri zitayamba kale kuyendera malo. A Nabanda anafunsa kuti posambira m'manja ndi pati. Ndinamasulira ndi mawu otsika. ANyaKayira sanandiyang'ane n'komwe.

"Fumbani ŵadada aŵa," anatero, "ndiwo ŵakumanya." Kutanthauza kuti funsani bambo awa, ndi amene akudziwa.

Anandipatsa mpata, mwaonatu. Zinali ngati anditsegulira chitseko n'kuima pambali kuti ndidutse ndekha ndi ulemu wanga. Ine ndinatembenukira kwa a Nabanda n'kunena kuti, "Akuti chiswe chinadya."

Atafunsa za chivindikiro, aNyaKayira anayankha chimodzimodzi, ndipo ine ndinati chinapita ndi madzi osefukira. Atafunsa za ndowa, ndinati inabooka. Pa mphindi zochepa ndinagwetsera khomo la mayi uja chiswe, chigumula ndi dzimbiri. Chala cha a Nabanda chinkangogunda pafoni paja: palibe, palibe, palibe. Khomo laukhondo kuposa onse m'mudzi muno linkalowa m'kaundula ngati khomo la uve, ndipo langa linali litalowa kale ngati chitsanzo.

Mjigo wathu uli pafupi ndi mpanda wa aNyaKayira, ndipo amayi otunga madzi akaona mlendo wa chikwama ndowa sizidzaza msanga. Anali atafika asanu kapena asanu ndi mmodzi, atatsamira mpanda. A Nabanda, mwa mtima wabwino, anati ngakhale si gawo la mafunso, sangachoke osasiyako mawu awiri. Anayamba kufotokoza mofatsa ubwino wosamba m'manja pochokera kuchimbudzi, ndi mmene munthu angapangire mpondagiya ndi zinthu zapakhomo. Anandipempha kuti ndimasulire.

Ndinamasulira. Mulungu andikhululukire, ndinamasulira bwino. Pakamwa pakazolowera kuphunzitsa sipadziwa maliro. Ndinapezeka ndikuwaonetsa aNyaKayira mmene amapakira sopo pakati pa zala, ndi kuseri kwa manja, ndi m'zikhadabo, ndikuwerenga masitepe ngati pa chikwangwani. Kumpanda kuja wina anafunsa mnzake, mosabisa mawu, ngati maso ake akuona bwino kuti aNyaKayira akuphunzitsidwa kusamba. Wina anati kani ukhondo uja unali wa pamaso pa anthu. ANyaKayira anamva. Ndinaona nsagwada zawo zikulimba.

Pomaliza a Nabanda anati pali funso limodzi limene amalisungira kumapeto chifukwa ndi lolemera, ndipo mayi ali ndi ufulu wosayankha. Kodi pakhomo pano panamwalirapo munthu ndi matenda otsegula m'mimba?

Limeneli linakana kutuluka. Ndinaona dothi lofiira la manda aja, ndi khasu limene ndinagwira tsiku limenelo. Ndikufunafuna poyambira, ndinamva mawu kumbali kwanga, m'Chichewa chosalala kuposa changa.

"Eya, mwana wanga. Dzina lake Lusungu. Lembani."

A Nabanda anatsitsa foni. ANyaKayira anapitiriza m'Chichewa chomwecho, kuti anakhala zaka zisanu ndi zitatu ku Dwangwa malemu amuna awo akudula nzimbe, ndiye zonse zimene zanenedwa pakhomo pawo lero azimva, za chiswe zomwe. Kenako anapempha mlendo kuti adikire pang'ono. Anaimirira, anamanga chitenje, n'kulowa pampata wa mpanda kupita kwanga.

Tonse tinkaona. Anazula mitengo ija ndi dzanja limodzi, popeza ine ndinangoibaya pamwamba. Anabwera nayo paphewa, chigubu chikulendewera, n'kuilowetsa m'maenje ake, ndipo inakhala thi, ngati phazi mu nsapato yake. Pansi pake panali timiyala toyalidwa bwino, tobiriwira ndi ndere, ndi katsabola kamene kanamera chifukwa cha madzi a tsiku ndi tsiku. Anadzaza chigubu, anaponda pang'onopang'ono, madzi n'kutsika kamzere kowongoka. Anasamba m'manja osafulumira. Atatha anatembenukira kwa ine.

"Ndowa abweretsa anyina Tiwonge. Chivindikirocho katengeni nokha, awiske Tiwonge, poti njira yake mukuidziwa."

Ndinapita. M'mawa ndinadutsa nacho pampanda anthu asanadzuke bwino. Tsopano mayi a kunyumba anali ataima pampata paja ndi ndowa, osasuntha, moti ndinayenera kuzungulira njira ya kumjigo. Ndinadutsa pamaso pa amayi onse aja, malaya a kutchalitchi, thalauzi lonyowa kutsogolo, chivindikiro cha chimbudzi cha mayi wamasiye m'manja. Palibe anaseka. Ndikanakonda akanaseka. Mmodzi anangoti, "Monire, a Pulofesa," mwaulemu wonse, ndipo ndinayankha.

A Nabanda anafufuta zimene analemba kwa aNyaKayira n'kuyambanso gawo lija la "tiyeni tikaone", popanda womasulira. Ndinamva akupepesa kawiri konse chifukwa cha phunziro lija. Atamaliza anabwera kwanga, anaodira ngati sanafikepo, n'kunena kuti ngati ndikulolabe, akufuna aonenso. Ndinalola. Tinayenda ulendo womwe uja, koma tsopano ndinali kumbuyo. Bowo lili yasa. Ndowa yathu yakale, kapu ikuyandama. Pa mpondagiya maenje awiri osazama. Kuchipinda anafunsa kuti usiku wathawu mu neti iyi munagona ndani. Ine ndinayang'ana kudenga. Mayi a kunyumba, amene analonjeza kusalankhula, anayankha ali pakhomo.

"Tomato."

Anaseka a Nabanda, ngakhale anayesetsa kudzigwira. Kenako anandiuza kuti anakayika kuyambira pachiyambi, chifukwa pansi pa mpondagiya wogwira ntchito sipakhala fumbi, ndipo neti yogonamo anthu sinunkha sopo ndi manyowa nthawi imodzi. Anati sindine woyamba. Kwina anapeza sopo mmodzi akuyenda nyumba ndi nyumba patsogolo pawo, moti pofika nyumba yachinayi anam'zindikira ndi kachidindo kake. Anati pa mafunso palibe amene anandiposa kuyambira pamene anafika m'boma lino, ndipo ndicho chifukwa chake khomo langa ndi lofunika kwa iwo mmene lilili. Anthu osadziwa n'ngosavuta, umangowauza. Chimene chimawazunguza mutu iwo ndi amene anawatuma ndi munthu wodziwa zonse amene ndowa yake ili pululu. Anandifunsa, osati za pafoni, kuti ineyo ndikuganiza kuti chimachititsa n'chiyani.

Kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo ndinayankha mwachidule. Ndinati sindikudziwa. Ndipo mpaka lero sindikudziwa bwinobwino. Mwina ukawerenga chinthu kambirimbiri mtima umayamba kuona ngati wachichita kale.

Ndinafunsanso ngati n'zoona kuti dzina langa silidzaoneka. Anati n'zoona, kumapita nambala yokha. M'mawa mfundo imeneyi inandikhumudwitsa, masana inanditonthoza, koma pang'ono pokha, chifukwa amayi a kumjigo sagwiritsa ntchito manambala. Pofika Lachisanu nkhani inali itandidutsa kukafika ku Uliwa. Mnyamata wina wa kabaza anapempha pampu, n'kufunsa ngati ndi yanga kapena abweze kwa aNyaKayira. Wina anati kwawo kukubwera apongozi Lamlungu, kodi ndingamubwereke chimbudzi chonse. Ndinaseka nawo, poti ukakwiya ndiye amawonjezera.

Zimenezo zinali zopepuka. Cholemera chinali kuseri kwa mpanda. Masiku anayi ndinkachoka pakhomo kudzera m'munda wa chinangwa kuti ndisadutse pakhomo pawo. Ndinakonza mawu opepesa m'mutu, m'Chitumbuka ndi m'Chichewa momwe, koma onse ankatuluka ngati nkhani ya pa wailesi. Kubwereka anandibwereka ndi manja awiri. Chimene ndinachita ine n'kuima pabwalo pawo, pamaso pa anzawo, n'kulola kuti chinthu chimodzi chimene anamanga pa imfa ya mwana wawo chilembedwe kuti palibe. Buku langa lopanda chikuto lilibe tsamba la mankhwala a zimenezo. (Mwina linali m'masamba amene anathothoka.)

Zimene ndinatha ndi za manja. Ndinadula mitengo iwiri ya mphanda, ndinakumba maenje ofika m'chigongono, ndinatsuka chigubu cha oilo katatu mpaka mayi a kunyumba anati ndingogula china. Chivindikiro ndinakhoma cha thabwa, chogwirira chake ndinaika pedulo yakale ya njinga. Neti inabwerera pabedi, ndipo tomato theka anadyedwa ndi nkhuku. Sindikunena kuti ndinasandulika mngelo. Tsiku lachitatu chigubu chinauma, ndipo chinakhala chouma mpaka madzulo, aliyense akudikira mnzake kuti adzaze.

Lachiwiri lotsatira, chakumasana, ndili chogwada kuyala timiyala pansi pa mpondagiya wanga, ndinamva odi. Anali aNyaKayira. Ndinadzuka mofulumira mpaka ndinagunda mutu pa chigubu. Ndinayamba mawu anga aja, koma ndisanafike pakati anakweza dzanja. Anayendera ntchito yanga, anagwedeza mtengo umodzi, anaponda kamtengo, n'kunena kuti chingwe chatalika, ndichepetse ndi chikhatho chimodzi. Kenako anakhala pakhonde, anamasula mfundo ya chitenje, n'kutulutsa kapepala kopindidwa kanayi kamene a Nabanda anawasiyira, ka zithunzi za manja ndi ndowa. Anati akufuna ndiwawerengere.

Mtima unatsika. Ndinaona kuti andikhululukira, komanso kuti pa zonse zija pali kanthu kamodzi kamene ndikadali wofunika. Ndinapukuta manja, ndinakhala pansi, ndinakonza kukhosi, n'kuyamba kuwerenga chapansipansi monga munthu wamanyazi. Anandidula pa mzere woyamba.

"Mokweza, awiske Tiwonge. Ine zimenezo ndimazidziwa kale. Ndikufuna mumve inu."